Musanagule eyakoni, yang'anani kaye denga

Okutobala akafika ku Uraha ndi madera oyandikana nawo monga Uliwa ndi Chilumba, malata amayamba kutentha nthawi isanakwane 9 koloko m'mawa. Pofika masana majarini asungunuka pashelefu, wogulitsa m'golosale watulutsa mpando panja, ndipo usiku mlendo amene walipira chipinda akupempha kuti amuyalire pakhonde. M'miyezi imeneyi sizachilendo kuti kutentha kupitirire madigiri 35 m'mbali mwa nyanja m'boma la Karonga. Ndi nthawi yomwe amalonda ambiri amayamba kufunsa mitengo ya makina oziziritsa m'nyumba, amene tonse timangowatchula kuti eyakoni.

Phunziro la sabata ino ndi la iwo. Mfundo yake ndi imodzi: mtengo womwe mwauona m'sitolo ndi gawo laling'ono la ndalama zomwe eyakoni idzakudyereni. Zambiri zimapita ku magetsi ndi kukonzetsa, ndipo kuchuluka kwake kumatengera zomwe munachita musanagule, tsiku loika, ndi mmene mukuisamalira. Walira mvula walira matope.

Kodi bizinesi yanu ikuifunadi?

Makina oyamba amtunduwu anawapanga Willis Carrier mu 1902 ku America, ndipo sanawapangire anthu omva kutentha. Anawapangira kampani ina yosindikiza ya ku Brooklyn, komwe chinyezi chinkafufumitsa mapepala mpaka mitundu ya inki kumasemphana. Eni ake analipira chifukwa katundu ankaonongeka. Funso lomwelo ndi limene wamalonda wa ku Uraha ayenera kudzifunsa: kodi kutentha kukundiluzitsa ndalama zingati?

Alipo mabizinesi omwe yankho lake ndi losavuta. Wogulitsa mankhwala awerenge pamabokosi: ambiri amalembedwa kuti asungidwe pamalo osapitirira madigiri 25 kapena 30. Mankhwala okhala pansi pa malata otentha miyezi itatu amatha mphamvu ngakhale tsiku lake lisanakwane, ndipo wovutika ndi wodwala. Mwini malo ogona alendo nayenso ali ndi chifukwa. Uraha ndi dzina lodziwika kunja chifukwa mu 1991 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza kumeneko chibwano chakale kwambiri chomwe chimatchedwa UR 501. Kuphatikiza apo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa boma la Karonga yomwe inatsegulidwa mu 2004, doko la Chilumba, ndi msewu wa M1 wopita kumalire a Songwe. Alendo, ogwira ntchito m'mabungwe ndi amalonda odutsa amafuna tulo, ndipo ena ndi okonzeka kulipira mtengo wokwererapo pa chipinda chozizira.

Koma golosale yomwe chitseko chake chimakhala chotsegula tsiku lonse, chigayo, kapena sitolo ya simenti ndi malata, sizingapindule. Mpweya wozizira umatulukira pakhomo ndipo makinawo amangolira osapuma. Kumeneko fani ya kudenga ndi mthunzi n'zokwanira.

Werengerani mayuniti musanapite kusitolo

Tengani risiti ya magetsi omwe munagula komaliza. Gawani ndalama zomwe munalipira ndi mayuniti omwe munalandira. Zomwe mwapezazo ndiye mtengo weniweni wa yuniti imodzi kwa inu, misonkho ili momwemo.

Eyakoni yapakhoma ya 12,000 BTU imadya yuniti imodzi kapena kupitirira pang'ono pa ola pamene kompresa ikugwira ntchito. Tiyerekeze kuti ikudya 1.1 ndipo mwaiyatsa maola 8. Amenewo ndi mayuniti pafupifupi 9 patsiku, ndipo m'masiku 26 ogwira ntchito pamwezi akukwana 234. M'chipinda chotsekedwa bwino chiwerengerochi chimatsika chifukwa kompresa imapumira, koma m'chipinda chotentha cha malata chimakhala pomwepo. Chulukitsani 234 ndi mtengo wa yuniti uja. Kenaka dzifunseni ngati phindu loonjezera lomwe mukuyembekezera pamwezi likuposa ndalama imeneyo, mutaonjezerapo yolipira mmisiri kawiri pachaka.

Poyerekeza, fani ya kudenga imadya mawati pafupifupi 75. Magetsi oyendetsa eyakoni imodzi ija angayendetse mafani 14 kapena 15. Mwini malo ogona alendo wanzeru saika eyakoni m'zipinda zonse nthawi imodzi. Amayamba ndi ziwiri, n'kuzikweza mtengo, n'kuona nyengo imodzi yotentha ngati zikudzaza.

Denga ndi khoma la kuzambwe

Kutentha kwambiri m'nyumba zathu zamalonda kumalowera kudenga. Kuika eyakoni m'chipinda cha malata opanda siling'i kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Ndalama yoyamba ipite ku siling'i, ndipo pakati pa siling'i ndi malata pasiyidwe mpata ndi timabowo totulutsira mpweya wotentha, totchingidwa ndi waya wa sefa kuti mileme isalowe. Malata opakidwa penti yoyera amatentha mocheperapo kusiyana ndi akuda kapena a dzimbiri.

Kachiwiri, onani khoma loyang'ana kolowera dzuwa. Kuyambira 2 koloko masana limamwa kutentha ndipo limakubwezerani usiku. Khonde, mtengo wa mthunzi, kapena mphasa yopachikidwa kunja kwa zenera zimathandiza kuposa katani ya mkati, chifukwa dzuwa likadutsa galasi ndiye kuti kutentha kwalowa kale. Tsekani mipata ya pansi pa chitseko ndi timabowo ta mpweya ta m'makoma a chipinda chomwe muikemo makinawo. Mukachita zonsezi mudzagula eyakoni yocheperapo, ndipo ena mudzapeza kuti fani yokha yakwanira.

Kusankha saizi

Mphamvu yoziziritsa imalembedwa mu BTU, ndipo m'masitolo mudzapeza kwambiri za 9,000, 12,000, 18,000 ndi 24,000. Njira yongoyerekezera ya kumalo otentha ndi iyi: yezani mulitali ndi mulifupi mwa chipinda m'mamita, chulukitsani ziwirizo, kenaka chulukitsani ndi 600. Chipinda cha mamita 4 kwa 5 chikufuna 12,000. Sitolo ya mankhwala ya mamita 5 kwa 6 ikufuna 18,000. Ngati mumakhala anthu oposa awiri nthawi zambiri, onjezerani 600 pa munthu aliyense woonjezera. Musaiwale mafiriji. Firiji imaziziritsa mkati mwake potaya kutentha kumbuyo kwake, m'chipinda momwemo. Firiji yaikulu ya zakumwa ingachititse kuti mufunike saizi yotsatira, choncho ngati n'kotheka iikeni m'chipinda china.

Yochepa mphamvu imagwira ntchito osapuma koma osaziziritsa. Yaikulu mopitirira nayo ili ndi vuto lake: imazizira msanga n'kuzima isanachotse chinyezi, ndipo kunyanja nthawi ya dzinja chipinda chimakhala chozizira koma chonyowa, zofunda n'kumanunkha chuku. Kuyaka ndi kuzima pafupipafupi kumathetsanso kompresa.

Pali mitundu iwiri ya kompresa. Yakale imangodziwa kuyaka ndi kuzima, ndipo poyaka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa omwe imadya ikamayenda. Ya inverter imayamba pang'onopang'ono ndi kuchepetsa liwiro chipinda chikazizira. Imadula pogula koma imadya mayuniti ochepa, ndipo ndi yokhayo yomwe imagwirizana bwino ndi jenereta yaing'ono kapena sola. Kuipa kwake n'koti ili ndi bolodi ya magetsi yosachedwa kupsa, ndipo bolodi ya mtundu wosadziwika mutha kuisaka ku Mzuzu ndi ku Lilongwe osaipeza. Musanalipire funsani wogulitsa kuti zipangizo zosinthira zimapezeka kuti, ndipo chitsimikizo cha katunduyo chilembedwe parisiti.

Werengani chomata cha gasi

Pambali pa bokosi lakunja pamakhala chomata chosonyeza mtundu wa gasi. Izi n'zofunika makamaka kwa ogula makina ogwiritsidwapo kale ntchito olowera ku Songwe. Mukaona R22, dziwani kuti mukugula chinthu chomwe dziko lonse likuchisiya. Gasi ameneyu amaononga mpweya wa ozoni womwe umatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo pansi pa pangano la Montreal la 1987, lomwe Malawi ali nawo, maiko ongokwera kumene akuyenera kukhala atamusiya pofika 2030, kupatula wochepa wokonzera makina akale. Akamasowa mtengo wake ukwera, ndipo ndi inu mudzalipire.

Makina atsopano ambiri amagwiritsa ntchito R410A kapena R32. Nawonso kuchuluka kwawo kudzachepetsedwa pang'onopang'ono potsatira zomwe maiko anagwirizana ku Kigali mu 2016, koma pakadali pano ndi amene akupezeka. Magasiwa sasakanizidwa ndipo sasinthanitsidwa. R410A amagwira ntchito pa mphamvu yokankha yaikulu kuposa R22. R32 amatha kuyaka pang'ono, pomwe R290 amayaka ngati gasi wophikira. Mmisiri amene akunena kuti gasi ndi gasi basi, musamulole kugwira makina anu.

Tsiku loika makina

Makina abwino amaonongeka tsiku loyamba ngati woika wake ndi wongoyerekeza. Funsani mapepala. Amisiri ophunzira za mafiriji ndi zoziziritsa amakhala ndi masatifiketi, monga a m'makoleji omwe ali pansi pa TEVETA, ndipo ntchito yolumikiza mawaya a nyumba imafuna munthu wa chilolezo cha MERA. Mmisiri wochokera pa boma kapena ku Mzuzu adzawerengera ndi thiransipoti yomwe, choncho ndi nzeru kugwirizana amalonda atatu kapena anayi a dera limodzi n'kumuitana ulendo umodzi.

Khalani pomwepo akamagwira ntchito, ndipo onetsetsani izi:

1. Bokosi lakunja likhale pamthunzi, pamalo opita mphepo, osati kukhoma la kuzambwe, ndipo osati moyang'anizana ndi msewu wa fumbi kapena chigayo cha mpunga. Kumbuyo kwake kusiyidwe mpata wa masentimita pafupifupi 30, ndipo kutsogolo kusakhale chotchinga.

2. Likwezedwe pamwamba kuti madzi osefukira ndi matope zisalifike. Zitsulo zolinyamula zimangidwe ndi mabauti pakhoma lolimba. Amene anaona zivomezi za Disembala 2009 ku Karonga akudziwa kuti khoma la ming'alu silodalirika. Ngati khoma ndi lokayikitsa, mangani kansanja ka konkire. Chitsulo chotchingira akuba chikhale cha mipata ikuluikulu kuti mpweya uzidutsa.

3. Mapaipi akhale a kopa, aafupi mmene kungathekere, osapindika mothyoka, ndipo onse awiri akutidwe mpaka kumapeto.

4. Asanatsegule gasi, mmisiri alumikize pampu yochotsa mpweya ndi chinyezi m'mapaipi, iyende mphindi zosachepera 15 mpaka 30, kenaka aizimitse ndi kudikira kuti aone ngati geji sikusuntha. Ambiri amadumpha gawo ili pongotulutsa gasi pang'ono kuti akankhe mpweya. Chinyezi chotsalira chimasakanikirana ndi mafuta a kompresa n'kumaidya mkati, ndipo imafa patapita miyezi, mmisiri atadya kale ndalama. Wobwera opanda pampu ndi geji, m'bwezeni.

5. Paipi yotaya madzi itsetsereke njira yonse. Thirani kapu ya madzi m'bokosi lamkati muone ngati akutulukira kunja. Bokosilo lisakhale pamwamba pa shelefu ya katundu, kompyuta kapena bedi.

6. Eyakoni ikhale ndi waya wakewake wochokera ku bokosi la magetsi, bureka yakeyake ndi waya wa pansi woteteza. Isalumikizidwe pa ekisitenshoni pamodzi ndi firiji ndi ketulo. Moto wa m'masitolo umayamba motero.

Magetsi athu ndi kompresa

Makinawa anapangidwira mavoti 220 mpaka 240. Ngakhale pa mtsinje wa Wovwe pali siteshoni yaing'ono yopanga magetsi, magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo amayenda mtunda wautali kuti afike kumpoto. Tonse tikukumbukira kuzimazima komwe kunatsatira pamene namondwe Ana anaononga Kapichira mu Januwale 2022. Wamalonda akonzekere kuti magetsi adzathima, adzabwera ofooka, kapena adzabwera mwamphamvu.

Magetsi ofooka ndi amene amapha kompresa mwakachetechete, chifukwa imakoka kwambiri n'kutentha. Choncho gulani kachipangizo koteteza komwe kamadula magetsi akatsika kapena akakwera mopitirira, ndipo kamadikira mphindi zingapo asanawabwezere. Onani kuti ndi ka mphamvu yokwanira eyakoni, osati ka wailesi ya kanema. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kompresa kapena bolodi yatsopano. Ngati mulibe, phunzitsani antchito kuzimitsa bureka magetsi akangothima, ndi kudikira mphindi zisanu akabwera. Chimodzimodzi mphenzi zikayamba.

Za sola, ubwino wake ndi woti dzuwa likamaotcha kwambiri ndi pomwenso mapanelo amapereka magetsi ambiri. Sitolo ya mankhwala yofuna kuzizira masana ingapindule. Koma chipinda cha alendo chimafuna kuzizira usiku, ndipo mabatire osunga magetsi a usiku wonse ndi okwera mtengo. Werengerani bwino musanalowemo.

Adani a eyakoni kunyanja

Buku lobwera ndi makina silidziwa nkhungu. Tizilombo timeneti tikatuluka m'nyanja ngati utsi n'kutera kumtunda, fani ya bokosi lakunja imatikoka ndipo timamatirira pa timapepala ta chitsulo totayira kutentha. Usiku umodzi ungatseke bokosi lonse, makamaka ngati pafupi pali babu loyaka. Musaike nyale pafupi ndi bokosilo, ndipo nkhungu zikadutsa litsukeni m'mawa mwake. Fumbi la chilimwe ndi mankhusu a mpunga nthawi yopuntha zimachitanso chimodzimodzi. Nalimata amakonda kufunda pa bolodi ya magetsi ndipo amaipsereza. Mavu amamanga zisa za dothi m'paipi yotaya madzi. Makoswe amatafuna mawaya ndi zokutira mapaipi kudenga. Bowo lomwe mapaipi adutsa pakhoma limatidwe bwino.

Ntchito yosamalira igaweni motere, ndipo ilembedwe m'kabuku kosungidwa pakauntala.

Masabata awiri aliwonse, kapena sabata iliyonse nthawi ya fumbi: tsegulani chivundikiro cha bokosi lamkati, solani masefa, atsukeni ndi madzi, aumitseni pamthunzi, abwezereni. Ndi ntchito ya mphindi khumi yomwe wantchito aliyense angaphunzire. Sefa yotsekeka imachititsa kuti makina adye magetsi ambiri, apange ayezi ndi kudontha madzi.

Mwezi uliwonse: zimitsani bureka, tsukani kumbuyo kwa bokosi lakunja ndi madzi oyenda pang'onopang'ono, osalozetsa ku mbali ya mawaya. Musagwiritse ntchito waya kapena mpeni, timapepala tija timapindika msanga. Lambulani udzu ndi zinyalala, ndipo onani ngati paipi ya madzi ikudontha kunja.

Kawiri pachaka: itanani mmisiri, mu Ogasiti kapena Sepitembala kutentha kusanafike, ndiponso mvula ikatha. Atsuke mkati, amange mawaya omasuka, ayeze magetsi omwe kompresa ikukoka, ndi kuona ngati gasi sakutuluka. Mukadikira Novembala mudzapeza amisiri onse ali otanganidwa ndipo mitengo yakwera.

Nkhani ya kuonjezera gasi

Apa ndi pomwe amalonda ambiri amaberedwa. Gasi wa mu eyakoni satha ngati petulo. Amazungulira m'mapaipi otsekeka zaka ndi zaka. Akachepa ndiye kuti pena pake pabooka, kawirikawiri pa mfundo zolumikizira mapaipi, pomwe mudzaona timadontho ta mafuta togwira fumbi. Mmisiri wongoonjezera gasi osapeza ndi kutseka pobookapo adzabweranso miyezi itatu ikubwerayi kudzakugulitsani wina. Muuzeni akuonetseni pomwe pakutuluka ndi thovu la sopo.

Mungathenso kuyeza nokha ngati makina ali bwino. Gulani kachipangizo koyezera kutentha. Eyakoni itayenda mphindi 15, yezani mpweya womwe ukulowa pamwamba pa bokosi lamkati ndi womwe ukutuluka kutsogolo. Kusiyana kwa madigiri 8 mpaka 12 kumasonyeza kuti zili bwino. Kukachepa, yambani mwatsuka masefa ndi bokosi lakunja musanaimbe foni. Nthawi zambiri vuto limathera pomwepo.

Rimoti ikhale m'manja mwa ndani?

Antchito ndi alendo ambiri amaika pa 16 poganiza kuti chipinda chizizira msanga. Sichizizira msanga. Chomwe chimachitika n'choti kompresa siipumanso chifukwa nambalayo siingafikike masana a Okutobala. Ikani pa 24 kapena 25 ndipo yatsaninso fani ya kudenga. Thupi lidzamva kuzizira kokwanira ndipo mayuniti adzakhalitsa. M'malo ogona alendo, lembani kapepala kaulemu kopempha kuti mazenera atsekedwe makina akayaka, ndipo woyeretsa azionetsetsa kuti azimitsidwa mlendo akatuluka. Chipinda chopanda munthu chozizira tsiku lonse chimadya phindu la usiku wonse.

Chochita sabata ino: yezani chipinda chanu, yang'anani denga ndi khoma la kuzambwe, ndipo werengerani mtengo wa yuniti kuchokera pa risiti yanu. Pitani kusitolo muli ndi manambala atatuwo papepala, ndipo pemphani mtengo wa zonse pamodzi: makina, mapaipi, zitsulo, waya, bureka, choteteza magetsi, ntchito ya mmisiri ndi thiransipoti yake kufika pamalo panu. Ngati wogulitsa akukupatsani mtengo wa bokosi lokha, ndiye kuti mtengo weniweni sanakuuzeni.